Mafunso ndi mayankho pa buku la No Great Mischief: chibale, Chigaelic ndi ngongole ya magazi

Chiyambireni kubwereketsa buku ili kwa anzanga, mafunso amene amabwera nawo polibweza ndi omweomwewo. Ena amalimaliza m'masiku awiri, ena amalisiya pakati akuti mayina awasokoneza mutu. Mafunsowo ndawaika pamodzi apa, kuyambira opepuka. Funso la Fern Picard ndi lomalizalo akuulula mathero a nkhani, choncho ngati simunalimalize bukuli muwadumphe kaye.

Kodi ndi buku lanji, ndipo analemba ndani?

Ndi nthano yaitali yolembedwa m'Chingerezi, inatuluka mu 1999 ku Canada. Mlembi wake ndi Alistair MacLeod, amene anabadwa mu 1936 ku Saskatchewan koma anakulira pachilumba cha Cape Breton, kwawo kwa makolo ake, m'chigawo cha Nova Scotia. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'migodi, yodula mitengo ndi ya usodzi pofuna ndalama za sukulu, kenaka anaphunzitsa zaka zambiri pa University of Windsor. Anamwalira mu 2014. Nthano yaitali anangolemba imodzi yokhayi, ndipo inamutengera zaka zoposa 10. Mu 2001 inapata mphoto ya International IMPAC Dublin Literary Award.

Nkhani yake ikukamba chiyani?

Wofotokoza nkhani ndi Alexander MacDonald, dokotala wowongola mano, munthu wopeza bwino wokhala ku Ontario. Loweruka amayendetsa galimoto ulendo wautali kupita ku Toronto kukaona mkulu wake Calum, amene amakhala m'kachipinda ka lendi m'dera la anthu ovutika, mowa utamumaliza. Buku lonse lamangidwa pa ulendo umodzi wotere. Pamene Alexander akutuluka kukagula mowa wa mkulu wakeyo, maganizo ake akubwerera m'mbuyo, mpaka zaka zoposa 200.

Chimene chinagawa moyo wa abale awiriwa ndi ngozi ya tsiku limodzi. Bambo awo ankayang'anira nyali yolondolera sitima pakachilumba kena. M'nyengo yozizira nyanja imauma n'kukhala ayezi, anthu n'kumayendapo wapansi. Tsiku lina madzulo bambo, mayi ndi mwana wawo Colin akubwerera kuchilumbako, ayezi anasweka. Alexander ndi mlongo wake, mapasa a zaka zitatu, anali atatsalira kwa agogo, ndipo anakulira komweko, kusukulu akupita, pakhomo pali chakudya. Anyamata atatu akuluakulu, Calum ali ndi zaka 16, anabwerera kunyumba yakale ya m'mbali mwa nyanja kukadzilera okha. Mimba imodzi, koma wina anathera pa digiri, wina m'migodi ndi kundende.

Chigaelic ndi chiyankhulo chanji? Si Chingerezi cha ku Scotland?

Ayi ndithu. Mngerezi sangatolepo kanthu anthu akamayankhula Chigaelic. Ndi chiyankhulo cha m'banja la ziyankhulo za Celtic, mbale wake wapafupi ndi chiyankhulo cha ku Ireland ndi cha pa Isle of Man. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri a kumpoto ndi kuzambwe kwa Scotland, kumene amakutcha Highlands, ndi pazilumba za Hebrides. Chilipo chiyankhulo china chotchedwa Scots, chomwe ndi chapachibale ndi Chingerezi, ndipo anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Nanga anthu a ku Scotland anakapezeka bwanji ku Canada?

Mu 1745 mafuko ambiri a ku Highlands anatsatira Charles Edward Stuart pofuna kubwezera banja lake pampando wachifumu wa Britain. Anagonja pa nkhondo ya Culloden pa 16 April 1746, ndipo boma linatsimikiza zothyola msana wa mafukowo: linawalanda zida, linaletsa zovala zawo zachikhalidwe mpaka 1782, ndipo linachotsera mafumu awo mphamvu zoweruza. Pang'ono ndi pang'ono mafumu aja anasanduka eni malo ofuna lendi. Lendi inakwera, kenaka kunabwera nthawi yothamangitsa midzi yathunthu kuti pamalopo pazidya nkhosa, zimene mbiri imazitcha Highland Clearances.

Ambiri anawoloka nyanja ya Atlantic. Mu 1773 sitima yotchedwa Hector inatsitsa anthu a ku Highlands osakwana 200 padoko la Pictou, ndipo pambuyo pawo panadza ena miyandamiyanda. Dzina loti Nova Scotia ndi Chilatini, kutanthauza Scotland watsopano. M'bukumu kholo la banjali, Calum Ruadh, akunyamuka ku Moidart, dera la ku Highlands, mu 1779 ali ndi zaka 55, ndi ana 12. Mkazi wake akumwalira panyanja. Iye akukhala zaka zinanso 55 kudziko latsopanolo, n'kuikidwa yekhayekha pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja.

Dzina la bukuli likutanthauza chiyani?

Tanthauzo lake n'lakuti “palibe chachikulu chotayika”, ndipo mawuwa ndi a munthu weniweni. James Wolfe, msilikali wa Britain amene anamenyana ndi anthu a ku Highlands pa Culloden, analemba kalata kwa mnzake mu 1751 yonena kuti anthu amenewa angathandize pankhondo za ku America chifukwa ndi olimba, opanda mantha, ozolowera dziko lovuta, ndipo akafa palibe chachikulu chotayika. Patapita zaka 8, mu September 1759, Wolfe yemweyo analanda mzinda wa Quebec m'manja mwa Afalansa, ndipo m'gulu lake munali asilikali a ku Highlands.

Chimene chimandipweteka n'choti m'bukumu banjali limanyadira nkhondo ya ku Quebec. Ndi mbiri ya ulemu wawo, yoti anyamata awo ndiwo anatsogola kukwera phompho usiku. Kenaka mmodzi wa agogo, wokonda kuwerenga, akupeza kalata ija n'kuzindikira kuti amene ankamufera ankawaona ngati nkhuni zosonkhezera moto. Mukadziwa zimenezi, dzinali limakutsatirani tsamba lililonse: kumigodi ya yureniyamu ya ku Elliot Lake kumene abale a Calum akukumba, m'minda ya ku Ontario kumene Alexander akudutsa anthu obwera kuchokera kumaiko ena akuthyola zipatso, ngakhale m'kachipinda ka Calum. Konseko kuli anthu amene wina wake anawawerengera kale kuti akafa sipatayika kanthu.

N'chifukwa chiyani anthu ambiri m'bukumu ali ndi dzina limodzi?

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, koma ife tisamavutike napo. Taganizani mudzi umene aliyense ndi Phiri kapena Banda. Mukangoti “a Phiri” atembenuka anthu khumi, choncho mumatchula munthu ndi kholo lake kapena ndi maonekedwe ake. Ku Cape Breton zinali chimodzimodzi. Mawu oti mac amatanthauza mwana wamwamuna, ndipo clann ndi ana. Banjali limadziwika kuti clann Chalum Ruaidh, ana a Calum wa tsitsi lofiira. Alexander pakhomo samutchula dzina la pa kaundula, amangoti gille beag ruadh, kamnyamata kofiira, mpaka tsiku loyamba kusukulu aphunzitsi ataitana dzina lake lenileni iye sanadziwe kuti akuitana iyeyo. Ku Cape Breton mzere umatsata kuchimuna.

A Alexander MacDonald ofunika kuwasunga m'mutu ndi atatu. Woyamba ndi wofotokoza nkhaniyo. Wachiwiri ndi mwana wa mbale wa bambo ake, amene kwathu tikanangoti mbale wake basi, ndipo akufera mumgodi tsiku lomwe woyambayo akulandira digiri ku Halifax. Wachitatu ndi wa ku San Francisco, wothawa kulembedwa usilikali wa nkhondo ya ku Vietnam. Za ameneyu onani funso la Fern Picard.

Ndingalimve bukuli osadziwa Chigaelic?

Mungalimve bwinobwino. Mawu a Chigaelic ndi ochepa ndipo mlembi amawamasulira pomwepo. Chofunika kuchiyang'anira ndi nthawi imene chiyankhulochi chimatulukira. Anthu a m'bukumu amagwira ntchito m'Chingerezi, amalemba mayeso m'Chingerezi, amaweruzidwa m'Chingerezi. Chigaelic chimabwera munthu akamaitana galu, akamatonthoza mwana, akamaimba ataledzera, akamalira maliro, ndi pamene ali pansi pa mgodi ndi abale ake okhaokha.

Mlongo wake wa Alexander ndi amene anandifika pamtima pa nkhaniyi. Anakwatiwa ndi katswiri wa za mafuta, amakhala m'nyumba yapamwamba ku Calgary, ndipo Chigaelic ankayesa kuti anachisiya kalekale. Atapita ku Scotland n'kukafika ku Moidart, gogo wina wamkazi amene anakumana naye m'mbali mwa nyanja anangomuyang'ana kumaso n'kumuuza kuti ndi wa komweko. Atamulowetsa m'nyumba, chiyankhulo chija chinayamba kutuluka m'kamwa mwake ngati kasupe amene anangokwiririka ndi zinyalala. Amene anakulira m'tauni, chiyankhulo cha agogo ake n'kumachimva koma osachiyankhula, adzadzipeza pa tsamba limenelo.

Bwanji aliyense wowerenga bukuli amakamba za agalu?

Chifukwa agalu ndiwo galasi la banjali. Pamene Calum Ruadh ankachoka ku Moidart anasiya galu wake kwa anansi, koma galuyo analumphira m'madzi n'kumasambira kutsata bwato mpaka mwini wake anamukweza. Zidzukulu za galu ameneyo zikukhalabe ndi banjali mibadwo yonse. Usiku wa ngozi ija galu wa makolo a Alexander anapulumuka n'kukafika kwa agogo ali chinyowere. Pambuyo pake ankabwererabe kuchilumba kukadikira eni ake, mpaka woyang'anira nyali watsopano anamuwombera.

Agogo amafotokoza agalu amenewa kuti ndi a mtundu wokonda mopitirira ndi wolimbikira mopitirira. Sipatenga nthawi kuti muone kuti akunena za ana awo omwe.

Agogo aamuna awiri aja amandisokoneza. Ndani ndi ndani?

Wa kuchimuna, amene analera mapasa aja, ndi munthu wa nthabwala, wa mowa, wa nyimbo ndi kuvina, wokonda mkazi wake poyera. Wa kuchikazi ndi kalipentala waukhondo, wosalankhulalankhula, wobadwa kunja kwa ukwati bambo ake atamwalira kale, ndipo manyazi amenewo anayenda nawo moyo wake wonse. Woyamba amafuna mbiri ya makolo ikhale yokoma kuimva. Wachiwiri amafuna ikhale yoona, ndipo ndi iye anafukula kalata ya Wolfe imene ndaikamba pa funso la dzina la buku. Mlembi sakusankhapo mmodzi. Awiriwa ndi mabwenzi apamtima, ndipo ana amafuna onse.

N'chifukwa chiyani Alexander, dokotala wathunthu, amagulira mowa mkulu wake amene mowawo ukumupha?

Funso ili limabwera ndi mkwiyo, makamaka kwa amene anasamalirapo chidakwa pabanja pawo, ndipo mkwiyowo ndimaumva. Poliwerenga koyamba nanenso ndinkafuna Alexander amunyamule Calum apite naye kuchipatala. Koma taonani Calum amene tikumupeza m'kachipindako: manja akunjenjemera moti sangafikitse chakumwa pakamwa osataya, thupi linatha kale, zaka zambiri anazisiya kundende. Alexander sanabwere kudzachiritsa. Wabwera kuti mkulu wake asakhale yekha Loweruka, kuti pakhale munthu womuyankha m'chiyankhulo cha mayi awo, woimba naye nyimbo za kwawo.

Palinso ngongole. Pali chithunzi chimodzi chimene sichindichoka. Calum ali mnyamata kunyumba yakale ija dzino linamuwawa koopsa, ndalama ya dokotala palibe. Anamanga chingwe kudzinolo, mbali inayo n'kumangirira kwa hatchi yake, Christy, yomwe inkamuthandiza kukokera bwato kumtunda. Anaiitana kuti ikoke, dzino linazuka, magazi ali chuchuchu, hatchi ikunjenjemera ndi mantha, iye n'kumaisisita kuitonthoza. Mng'ono wake amene anaona zimenezi ndi yemwe lero amalemera powongola mano a ana a anthu achuma kuti azioneka bwino pomwetulira. Mlembi sakuchita kukuuzani kuti muyerekeze ziwirizi. Amangoziika pafupi.

Alexander akudziwa kuti sanapose Calum nzeru kapena khama. Anangokhala wamng'ono pa tsiku la ngozi, basi. Akanakhala wa zaka 16, bwenzi ali iyeyo m'kachipindamo. Agogo ake aakazi anamulera ndi lamulo loti magazi ako uziwasamala, lomwe ndi lija timati chibale ndi fupa sichiwola. Ine ndimaona kuti botolo limene amagulalo si chithandizo chabwino, ndipo iyenso akudziwa. Koma ndi chimene mkulu wake wapempha, ndipo kukana kukanakhala kudziika pamwamba pa munthu amene moyo unamuika kale pansi. Aliyense amene anaphunzira pamene abale ake anatsalira, amene foni ikalira kuchokera kumudzi mtima umagunda kawiri, chikondi ndi kulemedwa, adzamumvetsa Alexander ngakhale asagwirizane naye.

Kodi bukuli silikukometsa chibale mopitirira? Nanga za Fern Picard zija?

Likanakhala lokometsa chabe sindikanalibwereketsa. Kumigodi ya ku Elliot Lake anthu amakhala m'magulu potsata mtundu, ndipo gulu la Calum silimwerana madzi ndi gulu la anthu oyankhula Chifalansa a ku Quebec lotsogozedwa ndi Fern Picard. Pali usiku umodzi wokoma pamene munthu wochokera kudera la James Bay, nayenso MacDonald, akutulutsa nyimbo pa vayolini, magulu awiriwa n'kuyamba kuimbira limodzi, n'kupeza kuti nyimbo zawo ndi zomwezomwezo, mayina okha ndiwo osiyana. Kutacha chidani chikupitirira pomwe chinalekera.

Kenaka akubwera Alexander wa ku San Francisco uja. Palibe amene ankamudziwa, koma poti ndi magazi awo akumulandira, akumupatsa mapepala a mbale wawo womwalira uja kuti alowere ntchito. Fern Picard atayamba kuwanena kuti ndi akuba, ndeu ikubuka, Calum akupha Picard, n'kupatsidwa chilango cha moyo wonse kundende ya Kingston. Mlendo uja akuzemba. Pambuyo pake Alexander akupeza chikwama cha ndalama cha Picard m'katundu amene mnyamatayo anasiya. Picard ankanena zoona.

Ndiye lamulo lomwe linapulumutsa ana amasiye aja ndi lomwenso linawononga Calum. Anateteza munthu chifukwa cha dzina ndi tsitsi lofiira, osafunsa kuti munthuyo ndi wotani. Pamenepa bukuli limandiuza chinthu chimene sindifuna kuchimva koma ndimachidziwa: pali abale amene amadya chibale osabwezapo kanthu, ndipo wolipira amakhala wokhulupirika uja.

Chofooka chimene ndimachiona chili pena. Akazi m'bukumu, kupatula agogo ndi mlongo uja, amangooneka patali. Mkazi wa Alexander yemwe sitimumva mawu kwenikweni. Komanso mlembi amabwereza mawu ena kambirimbiri ngati kolasi ya nyimbo, zimene ena zimawatopetsa. Ine kubwerezako ndinakukonda nditayesa kuwerenga mokweza, chifukwa ndi mmene akuluakulu amakambira mbiri ya pabanja.

Zimenezi zinachitikadi?

Banja la Calum Ruadh ndi lopeka. Moidart, Culloden, kalata ya Wolfe, nkhondo ya ku Quebec, migodi ya Elliot Lake ndi kuphedwa kwa a MacDonald ku Glencoe mu 1692, kumene bukuli limakutchulanso, zonsezi ndi mbiri yeniyeni. N'zoonanso kuti amuna a ku Cape Breton ankayenda m'magulu a pachibale kukakumba migodi kutali ndi kwawo.

Pali ubale uliwonse pakati pa anthu amenewa ndi ife?

Ulipo, ngakhale bukuli silikuukamba. David Livingstone anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, kumene mzinda wathu wa Blantyre unatengera dzina mu 1876. Koma agogo ake aamuna anachokera pa Ulva, kachilumba ka anthu oyankhula Chigaelic, ndipo anasamukira ku Blantyre kukafuna ntchito pafakitale ya thonje. Livingstone mwini analemba kuti kholo lake lina linafera pa Culloden, ndi kuti agogo ake aakazi ankamuimbira nyimbo za Chigaelic. Mphepo imene inakankhira anthu ngati Calum Ruadh kutsidya la Atlantic ndi yomweyo inatsitsira banja la Livingstone kumafakitale a kumwera.

Chigaelic chikadalipo lero?

Chilipo, koma chinafooka kwambiri. Lamulo la maphunziro la ku Scotland la 1872 silinachipatse malo m'sukulu, ndipo mbali zonse ziwiri za nyanja ana ankalangidwa akachiyankhula m'kalasi. Makolo ambiri anasiya dala kuphunzitsa ana awo poganiza kuti Chingerezi ndicho cha ntchito. Chonsecho ku Cape Breton chinali champhamvu moti tauni ya Sydney inali ndi nyuzipepala ya Chigaelic chokhachokha, Mac-Talla, kuyambira 1892 mpaka 1904.

Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 57,000 ochiyankhula ku Scotland. Nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa lamulo lochiteteza mu 2005, kanema wa BBC Alba anayamba mu 2008, ndipo kuli sukulu zophunzitsa maphunziro onse m'Chigaelic. Ku Cape Breton amene anachiyamwira atsala owerengeka, koma Gaelic College ya ku St. Ann's, yomwe inakhazikitsidwa mu 1938, ikuphunzitsabe chiyankhulo, nyimbo ndi magule, ndipo m'misewu ina zikwangwani zili m'ziyankhulo ziwiri. Vayolini ya kumeneko ndiyo sinafooke n'komwe.

Bukuli limatha bwanji?

Patapita miyezi kuchokera Loweruka lija, m'nyengo ya chisanu, Calum akuimba foni n'kuuza mng'ono wake kuti nthawi yakwana. Alexander sakufunsa zambiri. Akumutenga ku Toronto, n'kuyamba ulendo wautali wa kum'mawa, wopita kwawo. Pofika pa Canso Causeway, msewu woundidwa panyanja umene unalumikiza Cape Breton ndi mtunda mu 1955, akupeza mkuntho, mafunde akusefukira pamsewu. Calum, amene nyanja anakula nayo, ndi amene akuwerenga mafundewo n'kudziwa nthawi yoponda moto. Akuwoloka. Ali kale pa nthaka ya kwawo, galimoto ikuyendabe mumdima, Alexander akutambasula dzanja kukhudza la mkulu wake, ndipo akulipeza likuzizira.